Dibi la Kompyuta: Kusankha Antivirus M'mafamu a Mashonaland

Mwezi wa Malichi ukafika, mphepo ya ku Mvurwi, Karoi, Banket, Trelawney ndi Macheke imanunkhira fodya. M'zigafa amayi amakhala pa mizere akusankha masamba, anyamata akudinda mabelo, malole ali panja kudikira katundu wopita ku okushoni ku Harare kapena kumalo ogulira a makampani a kontirakiti. Maso a aliyense amakhala pa belo. Komatu chuma china cha famu chimagona m'kachipinda kafumbi kamene amati ofesi, pa tebulo la kalaliki, m'kati mwa laputopu yakale imene batire lake linafa kalekale.

M'menemo ndi mmene muli maina a antchito ndi manambala a ziphaso zawo, masiku amene aliyense wagwira, ngongole ya feteleza ndi malasha ochokera ku kampani, kulemera kwa belo lililonse, nambala ya mlimi ya ku TIMB, mafomu a NSSA ndi a msonkho wa ZIMRA. Laputopu ija ikadwala pa 28, komboni yonse imadziwa pa 30, chifukwa malipiro sawerengeka.

Matendawo amabwera mwakachetechete. Kalaliki amapita ku Chinhoyi kapena ku Bindura kukasindikiza mafomu, fulashi ili m'thumba la malaya. Pa shopu yosindikizira, fulashiyo imalowa pa kompyuta imene tsiku lomwelo yalandira kale mafulashi a ana a sukulu, a ofuna ntchito ndi a alembi a mipingo. Akabwerera ku famu n'kuibaya pa laputopu, amapeza mafoda onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Akadina kamodzi, fodayo imatseguka ndithu ngati palibe chavuta, koma kumbuyo kachilombo kalowa kale. Anyamata okonza makompyuta amakatchula kuti shortcut virus, ndipo n'kovuta kupeza ofesi ya pafamu, ya pasukulu kapena ya pachipatala cha kumudzi imene sinakaonepo.

Zikatere funso limakhala limodzi: tiikemo antivirus iti?

Kuchokera pa tikiti kufika pa Excel

Ambiri mwa akalaliki, akapitawo ndi osankha fodya a m'mafamu amenewa ndi zidzukulu za anthu a ku Dedza, Ntcheu, Mangochi, Chipata ndi Tete. Agogo awo anabwera m'masiku a atsamunda, ena wapansi kudutsa Zambezi, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba antchito, enanso pa malole a boma la Southern Rhodesia amene ankanyamula anthu osalipiritsa, n'chifukwa chake anawapatsa dzina loti Ulere. Anabwera ndi chilankhulo chawo, ndi gule wamkulu amene Ashona amati zvigure, ndi mipingo ndi mizikiti yawo. Lero Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zimene malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amazivomereza.

M'masiku a agogowo, moyo wa wantchito unali pa tikiti: kakhadi kamene kapitawo ankachonga tsiku ndi tsiku mpaka masiku akwane. Tikiti ikasowa kapena ikanyowa ndi mvula, munthu mmodzi yekha ndiye ankalira. Kulanda ndi kugawa minda kumene kunayamba mu 2000 kunabalalitsa mabanja ambiri, koma ambirinso anatsala m'makomboni, akugwira ntchito kwa alimi atsopano a mafamu a A2, ena akulima okha fodya wa kontirakiti. Fodyayo wachuluka ndithu: mu 2023 Zimbabwe inagulitsa makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linachokera m'zigawo zitatu za Mashonaland. Matikiti a anthu onse a pafamu tsopano ali mu fayilo imodzi ya Excel. Fayiloyo ikawonongeka, olira amakhala zana.

Kachilomboka ndi chiyani, ndipo kamalowera pati?

Vairasi ya pa kompyuta siimera yokha ngati nkhungu pa chimanga. Ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu, monga mmene Word kapena WhatsApp zinalembedwera, kungoti cholinga chake ndi kuba, kuwononga kapena kulanda. Imodzi mwa zoyambirira kufala pa makompyuta a m'nyumba ndi m'maofesi inali Brain, imene abale awiri a ku Lahore, m'dziko la Pakistan, anailemba mu 1986. Inkayenda pa madisiki ochita kupatsirana pamanja, ndendende mmene shortcut virus ikuyendera pa mafulashi lero.

Kuyambira nthawi imeneyo mbumba yake yakula. Pali zimene zimadzifalitsa zokha pa netiweki popanda munthu kudina kalikonse. Pali zimene zimabisala m'kati mwa pulogalamu yooneka yabwino, monga gemu kapena filimu. Pali zaukazitape, zimene zimalemba batani lililonse limene munthu wadina, n'kutumiza mapasiwedi a imelo ndi a ku banki kwa mwini wake ali kutali. Ndipo pali ransomware, yoopsa koposa kwa mlimi: imakhoma mafayilo onse ndi loko wa masamu, n'kusiya kalata pa sikirini yonena kuti ofuna kiyi alipire dipo. Zonsezi pamodzi akatswiri amazitchula kuti malware. Bungwe la AV-TEST la ku Magdeburg, m'dziko la Germany, limalemba mapulogalamu oipa ndi okayikitsa atsopano opitirira 450,000 tsiku lililonse.

Pafamu makomo olowera ndi anayi. Loyamba ndi fulashi ija, imene imayenda kuchokera ku ofesi kupita ku shopu, ku sukulu, kwa mnyamata wokopera nyimbo ndi mafilimu pa golosale, n'kubwerera. Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola.

Lachiwiri ndi mapulogalamu obedwa. Laputopu yogula ya kaunjika mu Harare kawirikawiri imabwera ndi Windows ndi Office zimene anazitsegula ndi pulogalamu ya crack, monga KMSpico. Kuti crack igwire, woikayo amayamba wazimitsa chitetezo cha kompyuta, chifukwa chitetezocho chimaikana. Ambiri sachiyatsanso. Mwini amanyamula laputopu yake akusangalala kuti zonse zilimo, osadziwa kuti mlonda anam'pitikitsa pa geti tsiku logula lomwelo. Ransomware yotchedwa STOP kapena Djvu, imene yasautsa anthu wamba ambiri padziko lonse, inafala makamaka kudzera m'mapulogalamu a crack otere.

Lachitatu ndi uthenga wa pa imelo kapena pa WhatsApp wokhala ndi fayilo: ati invoisi ya feteleza, ati mitengo yatsopano ya fodya, ati fomu ya ngongole ya zipangizo. Lachinayi ndi chenjezo labodza. Munthu ali pa intaneti, mwadzidzidzi sikirini yafiira, mawu akuphethira kuti kompyuta ili ndi mavairasi makumi awiri, adine apa kuti achotse. Akadina ndiye kuti waitana yekha mfiti m'nyumba. Antivirus yeniyeni silankhula kudzera pa tsamba la pa intaneti, ndipo siuza munthu kuti aimbe foni.

Ndani angalimbane ndi famu ya ku Raffingora?

Eni mafamu ambiri amafunsa choncho, akuseka. Yankho ndi lakuti mbava zambiri za pa intaneti sizisankha munthu. Zimaponya khoka, chokodwa ndi chomwecho. Pa 12 Meyi 2017, ransomware ya WannaCry inagwira makompyuta opitirira 200,000 m'mayiko pafupifupi 150. Ku England zipatala za boma zinabweza odwala, ndipo maulendo okaonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 analephereka. Chopweteka n'chakuti Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowo limene WannaCry inalowera, m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho. Ogwidwawo anali amene sanaike chigambacho, kapena amene ankagwiritsa ntchito Windows yakale imene inasiya kulandira zigamba.

Ulimi nawo unalawa. Mu 2021 kampani ya JBS, imodzi mwa zazikulu zopha ng'ombe ndi kugulitsa nyama padziko, inalipira dipo la madola 11 miliyoni a ku America. Mu Meyi 2022 AGCO, kampani yopanga mathirakitala a Massey Ferguson amene akulima m'minda ya Mashonaland, inalengeza kuti ransomware yasokoneza ntchito m'mafakitale ake ena. Mu Epulo chaka chomwecho, apolisi a FBI anachenjeza mabungwe a alimi a ku America kuti mbavazi zimakonda kumenya nthawi yodzala ndi yokolola, podziwa kuti pamenepo mlimi sangadikire ndipo amalipira msanga. Kwa mlimi wa fodya, nthawi imeneyo ndi ya okushoni.

Pafupi ndi kwathu, mu Julayi 2021 makompyuta a Transnet ku South Africa anagwidwa, ndipo katundu anaima kwa masiku pa doko la Durban, kumene kumadutsa katundu wambiri wa Zimbabwe. Ku Malawi, mu Febuluwale 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena alowerera makompyuta osindikizira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Kwa milungu ingapo mapasipoti sanatuluke. Amene ankayembekezera abale kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre m'masiku amenewo akukumbukira.

Mmene dibi limagwirira ntchito

Woweta ng'ombe wa ku Mashonaland safunika kumuuza za nkhupakupa. M'zaka zaposachedwapa matenda amene amawatchula kuti January disease anakhuthula makola ambiri m'Zimbabwe, makamaka kumene madibi anasiya kugwira ntchito kapena kumene mankhwala anali osukuluka. Alangizi a ziweto amati nthawi ya dzinja ng'ombe zisambe sabata iliyonse, ndipo matenda akabuka zisambe katatu pa masabata awiri, mwa ndondomeko imene amaitcha 5-5-4. Ng'ombe imene inasamba bwino chaka chatha siili yotetezedwa lero.

Antivirus ndi dibi la kompyuta, ndipo lamulo lake ndi lomwelo. Imagwira ntchito m'njira zitatu. Poyamba, ili ndi kaundula wa zizindikiro za mavairasi odziwika, ndipo fayilo iliyonse yolowa imaiyerekeza ndi kaundulayo. Chachiwiri, imayang'anira khalidwe: pulogalamu ikayamba kusintha mafayilo mazanamazana pa mphindi imodzi, kapena kubisa mafoda a pa fulashi, antivirus imaigwira dzanja ngakhale dzina lake isalidziwe. Chachitatu, ikakayika imafunsa ku makompyuta a kampani yake kudzera pa intaneti.

Njira yoyamba imadalira apudeti, yachitatu imadalira netiweki. Apa ndi pamene nkhani ya pafamu imasiyana ndi ya mu ofesi ya ku Borrowdale. Kaundula wa miyezi isanu ndi umodzi yapitayo ali ngati madzi a dibi amene mvula yawasukulula: ng'ombe imalowa, imatuluka yonyowa, mwini mtima uli m'malo, nkhupakupa zili gwa kukhutu. Choncho chofunika kudziwa musanasankhe ndi ichi: mwa ma antivirus onsewa, ndi iti imene famu ingathe kuidyetsa maapudeti mwezi ndi mwezi, ndi bandulo, magetsi ndi kompyuta imene ilipo?

Yambani ndi fodya wa pamphuno

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kompyuta iliyonse ya Windows 10 kapena Windows 11 imabwera ndi antivirus yakeyake, Microsoft Defender, yolipiridwa kale pamodzi ndi Windows. Kale inkanyozedwa, ndipo okonza makompyuta ena akali ndi maganizo a nthawi imeneyo. Koma m'zaka zaposachedwapa, pa mayeso a mabungwe oima paokha, Defender kawirikawiri yakhala ikupikisana ndi zogula.

Mabungwe amenewa ndi amene ayenera kufunsidwa, osati wogulitsa. AV-TEST imayesa ma antivirus a pa Windows miyezi iwiri iliyonse ndipo imapereka mapointi 6 pa kuteteza, 6 pa kusalemetsa kompyuta, ndi 6 pa kusavutitsa mwini ndi machenjezo onama. Onse pamodzi 18. AV-Comparatives ya ku Innsbruck, m'dziko la Austria, ndi SE Labs ya ku London nazonso zimayesa ma antivirus. Zotsatira zake zili pa intaneti, zowerenga ulere. Mwana wa Fomu 4 wa pakomboni angathe kuziona pa foni m'mphindi khumi. Dzina limene silikupezeka m'mayeso a mabungwe onse atatuwa ndi lofunika kulikayikira, ngakhale bokosi lake liwale bwanji.

Kuti munthu aone ngati Defender ili maso, atsegule Windows Security. Zizindikiro zikakhala zobiriwira, mlonda ali pa geti. Zikakhala zofiira, kapena batani loyatsira likukana, nthawi zambiri ndi ntchito ya crack ija kapena ya kachilombo kamene kalowa kale. M'kati momwemo, pansi pa Ransomware protection, muli Controlled folder access, imene imaletsa mapulogalamu achilendo kusintha mafayilo a m'mafoda osankhidwa. Imabwera yozima, kalaliki aiyatse n'kuwonjezerapo foda ya malipiro.

Nanga zogula? ESET ya ku Slovakia, Bitdefender ya ku Romania, Norton ndi McAfee za ku America, ndi zina zotero, zili ndi malo ake. Famu yaikulu yokhala ndi makompyuta asanu kapena khumi, ku ofesi, ku sikelo, ku sitolo ndi ku galaja, imapindula ndi antivirus imene manejala angaione yonse pa sikirini imodzi n'kudziwa kuti ya ku sikelo yatha milungu itatu osalandira apudeti. Zina zimatha kukana fulashi iliyonse yachilendo, kapena kutsegula tsamba la banki m'chipinda chotetezedwa. Zimenezo ndi zogula ndithu ngati ndalama ilipo. Koma pali zinthu zoyamba kuzifufuza.

Choyamba ndi kulemera kwake. Laputopu ya RAM ya 4 GB ndi hadi disiki yakale ili ngati ng'ombe yowonda. Ukaimangirira ngolo yodzaza, imagona mumsewu. Antivirus yolemera imachedwetsa kompyuta mpaka kalaliki amaizimitsa kuti amalize malipiro, ndipo saiyatsanso. Makampani ambiri amalola kuyesa masiku 30 osalipira. Aiyese pa laputopu yeniyeniyo, Excel ili yotsegula.

Chachiwiri ndi bandulo ndi magetsi. Kumapeto kwa 2022, madzi atatsika ku Kariba, madera ambiri ankakhala maola 18 kapena kuposa opanda magetsi a ZESA, ndipo kuzimazima sikunatheretu. Netiweki ya Econet kapena NetOne m'mafamu ena imagwira pa chulu chimodzi chokha. Kuyambira mu Sepitembala 2024 mafamu ena ali ndi Starlink, koma ambiri akudalirabe foni ya kalaliki. Maapudeti a tsiku ndi tsiku a antivirus ndi aang'ono. Chimene chimadya bandulo ndi kudikira miyezi kenako n'kutsitsa zonse pamodzi. Kwa kompyuta imene siifika konse pa intaneti, Microsoft imaika pa tsamba lake fayilo ya maapudeti a Defender imene munthu angatsitse ali ku tauni n'kukaiika pamanja.

Chachitatu ndi mtengo wa chaka chachiwiri. Antivirus yogula ili ngati lendi: imalipiridwa chaka ndi chaka. Mtengo wa chaka choyamba umakhala wokopa, wachiwiri umakwera, ndipo ena amadula okha ndalama pa khadi la ku banki ngati mwini sanaletse. Makiyi ogulitsidwa dola imodzi kapena awiri m'magulu a WhatsApp nthawi zambiri amakhala obedwa kapena ogulitsidwa kwa anthu ambirimbiri, ndipo kampani ikazindikira imawatseka. Antivirus ya crack ndiye yoipitsitsa: kuli ngati kulemba mlonda amene wakubweretsera ndi mbava.

Chachinayi, ikhale imodzi. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ma antivirus awiri oyang'anira nthawi imodzi amalimbana okhaokha, kompyuta n'kuuma. Defender imadziwa zimenezi ndipo imapatuka yokha ina ikaikidwa. Chololedwa ndi pulogalamu yongosesa mwa apo ndi apo, monga Malwarebytes yaulere, imene imagwira ntchito pokhapokha mwini akaiitana.

Za ulere, ndi za eni ake

Agogo amene anakwera malole a Ulere anadziwa pofika kuti ulendowo unali ndi woulipira: thukuta lawo m'minda ya fodya. Ma antivirus aulere nawonso ali ndi powapezera ndalama. Ena amangodzaza sikirini ndi uthenga wokakamiza kugula. Ena anapitirira pamenepo. Mu Febuluwale 2024, bungwe la boma la America loteteza ogula, FTC, linalamula Avast kulipira madola 16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya masamba amene anthu ankatsegula pa intaneti, kudzera ku kampani yake ya Jumpshot, imene inatsekedwa mu 2020. Izi sizikutanthauza kuti yaulere iliyonse ndi yoipa. Zingapo zimakhoza bwino pa mayeso. Koma poika, munthu awerenge timabokosi tochonga m'malo mongodina Next mpaka kumapeto. Adziwenso kuti Norton, Avast, AVG ndi Avira lero zili pansi pa kampani imodzi, Gen Digital.

Antivirus imaona chilichonse cha m'kompyuta, choncho mwini wake ndi nkhani. Mu Juni 2024 boma la America linaletsa kugulitsa Kaspersky m'dziko lawo, ponena kuti kampaniyo ili pansi pa malamulo a Russia ndipo ingakakamizidwe kupereka zinsinsi. Kaspersky inakana, ndipo pa mayeso a mabungwe aja imakhozabe bwino. Chiletsocho ndi cha ku America. Mlimi wa ku Marondera asankhe akudziwa mbali zonse ziwiri. Ndipo ngakhale mlonda wodula amaphonya: pa 19 Julayi 2024 apudeti yolakwika ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, ndege n'kulephera kunyamuka m'mayiko ambiri.

Khola likathyoka

Pali vuto limene antivirus iliyonse singalithetse. Microsoft inasiya kutulutsa zigamba za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo za Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa ndondomeko yowonjezera ya ESU, imene kwa anthu wamba inaikidwa kuti ifike mu Okutobala 2026. Malaputopu ambiri a m'mafamu ndi a zaka zimenezo, ndipo ambiri sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0 kapena purosesa yawo ndi yakale. Kuika antivirus yodula pa Windows yopanda zigamba kuli ngati kulemba mlonda pa khola limene mbali ina yagwa. Nkhani ya WannaCry inali yomweyi.

Njira zilipo zitatu: kugula kompyuta imene ingalandire Windows 11, kuika Linux yaulere monga Linux Mint pamodzi ndi LibreOffice imene imatsegula mafayilo a Excel, kapena kuichotsa kompyuta yakaleyo pa intaneti n'kuiletsa mafulashi achilendo. Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, kompyuta yolandira zigamba ndi yofunika kuposa antivirus yogula.

Zimene dibi silichiza

Munthu akaimba foni, mwaulemu wonse, kuti ndi wa ku EcoCash ndipo akufuna PIN kuti akonze akaunti, palibe pulogalamu imene ingatseke pakamwa pa woyankha. Imelo ikabwera yooneka ngati ya wogulitsa feteleza, yonena kuti akaunti yawo ya ku banki yasintha, mankhwala ake ndi kuimba nambala yakale imene ofesi ikuidziwa n'kufunsa. Safunsa anadya phula. Pa imelo ndi pa WhatsApp pakhale chitseko chachiwiri, chija chofuna nambala yapadera kuwonjezera pa pasiwedi. Pa mafoni a Android, Google Play Protect ikhale yoyaka, ndipo mapulogalamu otumizirana pamanja, monga ma WhatsApp osinthidwa aja, asafike pa foni imene imalandira mauthenga a ku banki.

Pamwamba pa zonse pali kukopera. Akatswiri amati makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Pafamu zimenezi zikutanthauza fayilo ya pa laputopu, kope pa hadi disiki yapadera, ndi kope lina pa Google Drive kapena OneDrive. Hadi disikiyo izichotsedwa kukopera kukatha n'kutsekeredwa mu kabati, chifukwa ransomware imakhoma chilichonse chimene yachipeza cholumikizidwa. Kope lomweli ndi limene limapulumutsa mphezi ikamenya, kapena akuba akathyola ofesi. Fulashi yopita ku tauni ikhale yakeyake, yonyamula zokasindikiza zokha, ndipo ikabwera iyambe yasesedwa isanatsegulidwe.

Lamulo nalo likuyang'ana. Cyber and Data Protection Act ya 2021 imafuna kuti aliyense wosunga mbiri za anthu ena aziteteze, ndipo POTRAZ ndiye woyang'anira. Maina, manambala a ziphaso ndi malipiro a antchito a pafamu ndi mbiri zoterozo. Kwa mabanja ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, amene ambiri anavutika zaka kuti apeze ziphaso za Zimbabwe, nambala imeneyo si chinthu choseweretsa.

Zikavuta kale, choyamba ndi kuchotsa kompyuta pa intaneti ndi kusabayamo fulashi ina iliyonse. Mafayilo amene shortcut virus yawadya nthawi zambiri amakhala alipo, angobisidwa, choncho kufulumira kufomata n'kutaya chimanga pamodzi ndi anankafumbwe. Microsoft Defender Offline imasesa Windows isanadzuke, pamene kachilombo sikangathe kubisala. Ngati ndi ransomware, tsamba la No More Ransom, limene apolisi a Europol ndi a ku Netherlands anayambitsa mu 2016 pamodzi ndi makampani a chitetezo, lili ndi makiyi aulere a mitundu ina. Kulipira dipo sikutsimikiza kuti mafayilo abwerera. Mapasiwedi onse asinthidwe pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta ina yoyera.

Kwa famu ya laputopu imodzi kapena ziwiri, chisankho ndi chachidule: Windows yeniyeni yolandira zigamba, Defender yoyaka ndi yolandira apudeti sabata iliyonse, ndi hadi disiki ya mu kabati. Kwa famu ya makompyuta ambiri, antivirus yogula kwa wogulitsa wovomerezeka, yosankhidwa pa zotsatira za AV-TEST kapena AV-Comparatives ndi yoyesedwa masiku 30 pa makina enieniwo. Akalaliki ndi eni mafamu achite zimenezi mu Febuluwale, belo loyamba lisanakwere lole, ndipo tsiku losambitsa ng'ombe likhalenso tsiku lolumikiza laputopu ku intaneti ndi kukopera fayilo ya malipiro.